Ndinawamana Tiyi Apongozi Anga

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Mwandizolowera nditaima pano ndi chikwama changa cha mapepala, kuwerenga zolengeza kapena kudzudzula amene mwafika mapemphero atayamba. Lero chikwamacho ndachisiya pampando. Nkhani imene ndabwera nayo ndi yanga, ndipo siyokoma.

Kwa amene simundidziwa, ndine bambo a Tadala. Kumudzi ndinali mphunzitsi wamkulu ku Dedza. Kuno ndinabwera pa mapepala a akazi anga, amake Tadala, amene ndi nesi kuchipatala chachikulu cha ku New Cross. Ukamwini umene ndinauzemba kumudzi unadzandipeza ku Ulaya. Timakhala ku Whitmore Reans, m'nyumba zija zogundana makoma, zoti woyandikana naye akatsokomola iwe umati pepani. Ntchito yanga inali ya usiku, kunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Telford. Munthu amene ndinkaimitsa sukulu yonse ndi mluzu umodzi, kuno ndinkatumidwa ndi mwana wa msinkhu wa Tadala. Zimenezo ndinazimeza.

Apongozi anga, Anaphiri, mayi a akazi anga, tinawaitanitsa kuno amuna awo atamwalira. Mapepala awo ndinayendetsa ndine, ndipo lililonse ndili nalo, mpaka envelopu yake. Atafika tinapitiriza mwambo umene tinakulira. Inu a kwathu mukuudziwa: mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake, sawayang'ana kumaso, salowa m'chipinda chawo, ndipo kuwakhudza ndiye sikuyerekezeka n'komwe. Kumudzi n'zosavuta, bwalo ndi lalikulu, wina amalambalala. Koma m'nyumba mwathu masitepe ndi opapatiza. Tikakumana pakati, wina ankabwerera chammbuyo, Tadala n'kumatiseka m'Chingerezi chake. Ine mwambowo ndinkaunyadira. Ndinkati ulemu sitinausiye pabwalo la ndege.

Kenako sitiroko inawagwira. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa pokha ndi pamene panatsala bwino, ngakhale mawu ankatuluka pang'onopang'ono. Bedi lawo tinalitsitsira m'chipinda chakutsogolo. Tadala anali atapita kukoleji. M'nyumba tinatsala atatu: wodwala, nesi wotuluka m'mamawa n'kubwera kutada, ndi mkamwini wobwera m'mamawa maso ali psuu.

Asanawatulutse m'chipatala kunabwera mayi wina wa kukhansolo, wa zosamalira anthu. Anati angathe kumatumiza amayi odzawasambitsa ndi kuwatembenuza masana. Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinamuyankha m'Chingerezi cha sukulu ya mishoni kuti ife Amalawi sitipereka makolo athu kwa alendo. Anandipatsa kapepala ka thandizolo. Ndinakaboola bwinobwino n'kukaika m'faelo. Sindinakawerenge. Ndinangokasunga.

Dongosolo ndinakonza ndine. M'mawa amake Tadala aziwasambitsa ndi kuwaveka thewera la akuluakulu. Ine ndizipereka tiyi wam'mawa, ndipo masana chakudya ndi madzi. Madzulo mwana wawo azidzawasintha. Chakudya ndinkaika pakatebulo ka mawilo, ndikati odi, n'kukakankhira m'kati nkhope nditayang'ana kukhoma. Pambali pa bedi panali jagi ya madzi ndi kabelu koti aziliza akafuna thandizo.

Papepala zinkaoneka bwino. Koma thupi la munthu silitsata pepala. Munthu akamwa tiyi m'mawa, sangadikire mwana wake mpaka kutada. Thewera linkadzaza, nsalu n'kunyowa mpaka matiresi. Kabelu kankalira ine nditangotseka maso. Ndinkatsika, n'kuima kuseri kwa chitseko.

"Odi, amayi. Mwaitana?"

Kamawu kankayankha: "Ayi, bambo, pepani. Ndimangofuna kudziwa ngati mwana wanga wabwera."

Dzuwa lili pamutu, ankadziwa bwino kuti mwana wawo sanabwere. Chimene ankafuna n'chakuti wina awanyamule awakhazike pampando wodzithandizira. Sakanatha kuuza mkamwini zimenezo, ndipo ine ndinkadziwa kuti sangathe. Ndinkayankha kuti, "Sanabwere, amayi," n'kubwerera kukagona ndili wokondwa kuti sanatchule.

Madzulo amake Tadala ankafika miyendo itatupa, n'kugwada pansi kusintha nsalu akulira mwakachetechete. Kuchapa kunali kwanga. Nsalu zinkayanikidwa pahita iliyonse, pazitseko, pamasitepe. Fungo linalowa m'makatani, linalowa m'jekete langa la ku tchalitchi. Ndinasiya kuitana anthu kunyumba. Tulo ndinkatipeza ta zidutswazidutswa, ndipo kuntchito ndinayamba kuwodzera nditaimirira. Alamu anga akumudzi, tikawaimbira pa makhadi a foni aja ogula kusitolo ya pangodya, ankangoti, "Muwasamale amayi, alamu, inu muli pabwino." Pabwino! Ndipo pano pa tchalitchi munkandiwombera m'manja. Ena mwa inu muli pompano. Munkati taonani bambo a Tadala, mwamuna wosunga apongozi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti ndinagona liti. Sindikunena izi kuti ndikugawireni mlandu wanga. Ndikungoti mudziwe kuti kuyamika si thandizo.

Tsiku lina ndinagona osamva kanthu mpaka masana. Tiyi wam'mawa sindinapereke. Madzulo amake Tadala anatuluka m'chipinda muja nkhope ikuwala, anati, "Bambo a Tadala, lero amayi ayesetsa. Nsalu zili gwaa."

Abale, ine ndine munthu woona zinthu. Ndinaona.

Mawa lake tiyi sindinaiwale. Ndinamusiya dala. Nsalu zinauma. Posakhalitsa ndinachepetsa ndi madzi a masana, kapu yosadzaza. Phala ndinayamba kuphika lolimba. Ndinkadziuza kuti ndikupepukitsa akazi anga, ndiponso kuti ndikuwachotsera manyazi amayiwo. Kenako ndinaona kuti jagi ya pambali pa bedi ikundisokonezera, chifukwa ankadzithirira okha ndi mkono wabwino uja. Tsiku lina ali mtulo ndinalowetsa mkono n'kuisamutsira pawindo. Ndinati angaitaye pabedi. Madzulo, mwana wawo asanafike, ndinkaibwezera pamalo pake. Mvetsani bwino pamenepa. Munthu amene akuchita chinthu chabwino saibweza jagi mobisa. Ndinkadziwa.

Kabelu nako ndinakakulunga ndi kansalu kuti kasamamveke kumwamba. Ndipo tsiku lina, atagogoda khoma ndi supuni, ndinatsika n'kukalipa kuseri kwa chitseko, ine amene sindinawakwezerepo mawu chikwatirireni mwana wawo. Ndinati, "Kodi mukufuna ndife ndine kuti mtima wanu ukhale pansi?" Supuni sinamvekenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndinagona bwino. Lamulungu ndinavala tayi n'kudzatsogolera nyimbo pano.

Zinafika pothera m'nyengo yotentha, masiku aja dzuwa la kuno limaiwala kulowa. Masana ena ndinamva chinthu chikugwa pansi, osati mwaphokoso, ngati thumba la zovala. Ndinatsika. Ndinaima pachitseko.

"Odi."

Chete.

"Odi, amayi."

Taganizani uchitsiru wake. Munthu wagwa m'kati, ine ndili panja kupempha chilolezo. Ndinathamangira pafoni kuimbira kuwodi kwa akazi anga, anati ali ndi wodwala, ndidikire. Ndinabwerera pachitseko, ndinatinso odi. Dzanja linali pachogwirira koma linkakana kutembenuza. Chimene chinandilowetsa ndi kaphokoso kena, ngati munthu akukanda pepala. Kanali kupuma kwawo.

Anali pansi, pakati pa bedi ndi windo. Anadzikhwekhwereza kuchoka pabedi ndi theka la thupi limene linkamva, ndipo mkono wabwino uja unali utatambasukira m'mwamba, kuloza pawindo. Jagi inali pomwe ndinaiika, yodzaza, dzuwa likuwala m'madzimo.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawayang'ana apongozi anga kumaso. Milomo inali itang'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Maso analowa m'kati. Sanandizindikire. Akanandizindikira akanafunafuna chitenje kuti adziphimbe, koma anangondiyang'ana ngati mwana wa pamudzi amene wadutsa pakhomo, n'kunena ndi lilime louma:

"Mwana iwe, tandithamangira kuchitsime."

Ndinagwada. Ndinalowetsa dzanja kunsi kwa mutu wawo n'kuudzutsa. Unali wopepuka, abale, wopepuka moti ndinachita mantha. Ndinatenga jagi ija n'kuwaika pakamwa. Madzi ambiri anayenderera pachibwano mpaka m'manja mwanga, ochepa analowa. Ankameza ngati kukhosi kuli minga. Zaka zonsezo ndinakana kuwakhudza ponena kuti ndi ulemu, ndipo tsiku limene ndinawakhudza linali tsiku limene ndinatsala pang'ono kuwapha. Ndinaitana ambulansi mutu wawo uli pamwendo panga.

Kuchipatala anawaika dilipi. Dokotala anati m'thupi mwawo munalibe madzi, matenda a m'chikhodzodzo anakwera mpaka ku impso, ndipo sakanalonjeza kanthu. Anafunsa kuti amamwa bwanji kunyumba. Amake Tadala anayankha msanga, ndi mtima wonse: "Amamwa bwino, adokotala. Bambo awa amawapatsa tiyi m'mawa, madzi masana, jagi imakhala pambali pawo." Anatembenukira kwa ine kuti ndivomereze. Ndinagwedeza mutu.

Patapita masiku angapo nzeru za apongozi zinabwerera. Dokotala anafunsanso funso lomwelo, mwana wawo akumasulira, ine nditaima kuseri kwa katani monga mwa mwambo. Ndinamva mawu awo aja apang'onopang'ono.

"Ndimakana ndekha. Akamwini amabweretsa, ine ndimakana."

Pamenepo amake Tadala anaiwala kuti ali pantchito pawo. "Amayi! Mukufuna mutiphe ndi mtima? Bambo awa sagona chifukwa cha inu, akubweretserani madzi inu n'kumakana? Mwakhala mwana kodi? Mukanafa anthu akanati chiyani?"

"Pepa, mwana wanga."

"Pepa chiyani? Mupepese kwa iwo!"

Ndipo mayi wokalambayo, machubu ali m'mikono, anatembenuzira mutu kukatani n'kunena kuti, "Pepani, bambo."

Jagi ija ndinaipirira. Mawu a dokotala ndinawapirira. Koma pepani ameneyu anandithyola. Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi panja, pamene amakhala osuta fodya. Amake Tadala atandipeza anati ndisadandaule, okalamba ndi ovuta. Ndinawauza kuti akhale pansi. Ndinawafotokozera zonse motsatana, monga ndimafotokozera chilichonse: tiyi, kapu yosadzaza, phala lolimba, windo, kansalu ka pabelu, mawu amene ndinakalipa. Sindinasiyeko kanthu.

Sanalire. Anayang'ana manja awo.

"Ine tsiku lonse ndimamwetsa amayi a eni ake ndi supuni," anatero. "Kapu iliyonse ndimalemba. Wina akapanda kukodza ndimathamangira dokotala. Amayi anga nsalu zinauma, ine n'kuthokoza Mulungu." Anaimirira. "Mayi uja wa kukhansolo munamubweza ndi tayi yanu. Mupita nokha mukamuuze zimene mwandiuzazi. Ngati awatenga amayi kukawasunga kwina, muwatenge inuyo m'manja mukawatule. Ngati aitana apolisi, muvale tayi yomweyo."

Anasamukira m'chipinda cha Tadala, ndipo kwa nthawi yaitali tinkalankhulana za makiyi ndi zinyalala basi.

Ndinapita kukhansolo ndi chikwama changa chodzaza. Ndinayala patebulo makalata a kuchipatala, malisiti a matewera, ndandanda ya mankhwala, kuti mayiyo aone kuti sindine munthu wosasamala. Anazikankhira pambali mwaulemu, anati angofuna kumva zimene zinachitika. Ndinanena. Analemba. Anadzacheza ndi apongozi paokha, ndi womasulira wina osati wa m'banja. Akanatha kuwachotsa m'nyumba mwathu, ndipo ndinakhala masabata ndikudikira zimenezo. Apongoziwo anakana kupita kwina kulikonse. Pomaliza a kukhansolo anagamula kuti apongozi abwerere kunyumba, koma osati pa dongosolo langa, ndipo a kukhansolowo azidzatiyendera mosatichenjeza. Zimene ndinachita anazilemba ndi dzina lake lenileni: kuzunza munthu wachikulire pomumana zofunika. Pepala limenelo ndili nalo. Ndi lokhalo m'faelo mwanga limene sindinaliboole, manja anakana.

Tsopano ndinene zimene tinachita, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli ena amene mwasiya kholo kunyumba pobwera kuno.

Alendo aja ndinawakana, anabwera. Amayi awiri, m'mawa ndi masana, kudzawasambitsa ndi kuwakhazika pampando. Mafomu ake ndi aatali mopanda chifukwa, funso limodzi kulifunsa katatu, ndipo ndinawalembera a kukhansolo kalata yodandaula za zimenezo. Koma ndinawadzaza. Amene akukuvutani mubwere nawo kwa ine, ntchito imeneyo ndiye ndimaitha.

Ntchito ya usiku ndinaisiya, ndinapempha mashifiti ochepa a masana. M'nyumba zinthu zinathina, galimoto tinagulitsa. Koma munthu wosagona si munthu, ndipo musamusiyire wodwala. Ine sindinabadwe wankhanza. Ndinatopa, n'kukana kuvomera kuti ndatopa, ndipo kutopako kunayamba kundiganizira.

Ndinapita kwa abusa ndi kwa amayi a mumpingo uno n'kunena zimene ndikunena lerozi. Udindo wanga ndinautula kwa kanthawi. Amayi Tembo, a ku Chipata aja akhala kumbuyo uko, sanandinyengerere. Anati, "Imwe atate, kumudzi apongozi amasambitsidwa ndi azimayi khumi a pamudzi. Kuno azimayi khumiwo ali pa shifiti. Munafuna mwambo wa kumudzi popanda mudzi wake?" Iwo ndi anzawo anagawana masiku, ndipo mpaka lero amabwera Loweruka kuti ine ndi amake Tadala tituluke, ngakhale kungokayenda kupaki. Kulankhulana kwathu kunabwerera pabenchi ya kupaki komweko, pang'onopang'ono.

Ndikupemphani mudziyang'anire pa zinthu zing'onozing'ono. Ine sindinamenye munthu. Ndikanamva kuti wina wamenya kholo lake, ndikanakhala woyamba kuimirira pano kumudzudzula. Zanga zinayamba ndi kapu ya tiyi. Ukayamba kukonza tsiku la wodwala kuti likomere iwe, ukayamba kukondwa kuti lero sanaitane, ukayamba kuchita kanthu koti uyenera kukabweza pamalo mnzako asanafike, wafika kale pamene ndinafika ine. Usadikire kumva chinthu chikugwa. Imba foni tsiku lomwelo. Uza munthu. Manyazi opempha thandizo ndi aang'ono poyerekeza ndi amene ndavala ine.

Impso za apongozi anga sizinabwererenso mwakale. Mwezi uliwonse timapita nawo kukayezetsa magazi, ndipo mankhwala amene amamwa awonjezekera. Ulendo uliwonse wa kuchipatalako ndimadziwa amene anauyambitsa. Mulungu anandikhululukira, ndikukhulupirira, koma impsozo sanazibweze, ndipo sindimufunsa chifukwa chake.

Nditsirize ndi zimene zinachitika apongozi atabwerera kunyumba. Ine ndinayambiranso zakale, kuima kuseri kwa chitseko, tsopano ndi manyazi awiri. Lamulungu lina anatuma mwana wawo kuti agule nkhuku, aphike yonse, osachotsapo chiwalo. Itapsa anati, "Kawaitane amuna ako. Alowe."

Ndinati odi. Anati, "Odi watha. Lowani, mukhale apa." Analoza mpando wa pambali pa bedi. Ndinakhala m'mphepete mwake, maso pansi.

"Tandiyang'anani, bambo."

Ndinawayang'ana.

"Tsiku limene tiyi anasiya kubwera ndinaona. Sindinadandaule. Nanenso ndinkafuna nsalu ziume, kuti mkamwini asamachape manyazi anga. Tinagwirizana osalankhulana, ine ndi inu. Koma jagi mutaiika pawindo ndinalira, chifukwa ndinkaiona."

Ndinatsika pampando n'kugwada. Mawu amene ndinakonza, ndipo ndinali nditawakonza bwino, anathawa onse. Ndinangoti, "Amayi, ndinalakwa."

"Munalakwadi," anatero. Sanachepetse. "Koma imvani. Kwathu mkamwini akakhalitsa, apongozi amamuphikira nkhuku, n'kudya naye mbale imodzi, kuthawana n'kutha. Ine ndinachedwa kukuphikirani. Ndinkati tidzachite kumudzi, anthu akuona. Kumudziko sindidzapitanso ndi miyendo yanga. Sambani m'manja."

Ananyema nyama ndi dzanja lawo labwino lija n'kundipatsira m'dzanja langa. Ndinadya ndikulira, amake Tadala ataima pakhomo atagwira pakamwa.

"Kuyambira lero ndinu mwana wanga," anatero. "Mwana amanyamula mayi wake. Amayi obwera m'mawa aja akuphunzitseni kanyamulidwe, musandigwetse. Tsopano ndipatseni madzi."

Ndinathira kapu, yodzaza mpaka m'milomo. Anamwa yonse osapumira, n'kundibwezera. Ndinaimirira kuti ndituluke monga ndinazolowera. Anandigwira jekete.

"Mukupita kuti? Khalani pomwepo. Madzi amenewa alowa, posachedwa afuna kutuluka."

Ndinakhala, abale. Ndipo atafuna kutuluka, ndinawanyamula.

Zakumwa zimene amayi a mumpingo akonza kuseriko mumwe nokha lero, mundikhululukire. Amake Tadala ali pa shifiti, ndipo amene akhala ndi amayi kunyumba ndinawalonjeza kuti sindichedwa. Nthawi ya tiyi yakwana.